Mbendera ikamatsika, ndani amaima?

Dzuwa lapendeka, latsala pang'ono kulowa kuseri kwa mitengo ya bulugamu. Pamsewu wodutsa kutsogolo kwa polisi ina mumzinda wa Lilongwe fumbi lili koboo. Akabaza akulimbirana njira ndi maminibasi, amayi akuchokera kumsika madengu ali pamutu, makondakitala akuitanira okwera mokuwa.

Kenako wezulo ikulira.

Apolisi awiri aima patsinde pa mlongoti. Mmodzi wamasula chingwe ndipo akuchilekerera pang'onopang'ono, dzanja ili likupatsira linzake. Winayo ali njo, dzanja lamanja lili pachipumi. Mbendera ikutsika mosathamanga, ndipo isanafike n'komwe m'chiuno mwa munthu, manja aiwakha kale kuti ngakhale kangodya kamodzi kasakhudze dothi.

M'kati mwa mpanda aliyense waima, ngakhale mayi amene wabwera kudzadandaula za foni yake yobedwa.

Kunja kwa mpanda ndi nkhani ina. Bambo wina waimvi watsika panjinga, wavula chipewa, waima chilili kuyang'ana kumlongoti. Ali yekha. Anthu akumulambalala, wanjinga yamoto wamuimbira hutala kuti apatuke, ndipo mnyamata wogulitsa mayunitsi akumuyang'anitsitsa modabwa.

Wezulo ikuliranso. Apolisi apinda nsaluyo, mmodzi waiyangata pamkono n'kulowa nayo mu ofesi. Bambo uja wavala chipewa chake, wakwera njinga, wapita.

Zonsezi sizinathe mphindi ziwiri.

Chaka ndi chaka tikamayandikira 6 July, kapena dziko likagweredwa maliro aakulu, nkhani ya mbendera imabuka pawailesi, m'maminibasi ndi m'mabwalo a bawo. Achikulire amati ana a masiku ano alibe mwambo. Achinyamata amayankha kuti palibe anawauza zoyenera kuchita. Onse akunena zoona.

Usiku umene inakwera koyamba

Pakati pa usiku, kucha kwake pa 6 July 1964, khamu la anthu linadzaza bwalo la masewero ku Blantyre, limene lero timalitcha Kamuzu Stadium. Prince Philip anabwera kudzaimira Mfumukazi Elizabeth. Mbendera ya Britain, dziko limene linatilamulira kuyambira 1891, inatsika. M'malo mwake munakwera ina ya mizere itatu yopingasa, wakuda pamwamba, wofiira pakati, wobiriwira pansi, ndipo pamzere wakudawo dzuwa lofiira likutuluka.

Nyasaland inathera pomwepo.

Mwana aliyense wa pulayimale amaloweza matanthauzo ake. Mzere wakuda ndi anthu a mu Africa. Wobiriwira ndi nthaka ndi zomera zake. Dzuwa ndi m'bandakucha wa ufulu, ndipo timizere take ta kuwala tilipo 31, poti Malawi ankawerengedwa kuti ndi dziko la nambala 31 mu Africa kudzilamulira lokha.

Mzere wofiira ndiwo suyenera kutchulidwa mothamanga.

Ndi magazi a anthu amene anali ndi mayina, midzi ndi ana. Pa 3 March 1959 bwanamkubwa wa atsamunda, Robert Armitage, analamula kuti atsogoleri a Nyasaland African Congress amangidwe. Dr Hastings Kamuzu Banda anamutengera kundende ya ku Gwelo, ku Southern Rhodesia. Ku Nkhata Bay anthu anakhamukira kudoko atamva kuti abale awo omangidwa awakweza m'sitima ya Mpasa. Asilikali anawombera, ndipo anthu osachepera 20 anafa. Tchuthi cha pa 3 March chinachokera pamenepo. Ukabwerera m'mbuyo ukapezanso John Chilembwe ndi anthu ake mu 1915.

Wogwetsa mbendera m'matope wagwetsa anthu amenewa.

Masiku a mantha

Amene anakula m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 sachita kuuzidwa. Wezulo kapena lipenga likalira paboma, pamene uli pomwepo unkaima. Wapanjinga ankatsika. Wosenza thumba la chimanga ankaima nalo lili pamutu. Nyimbo ya fuko, imene anapeka Michael Sauka, ikayamba, panalibe wotafuna kapena wonong'ona.

Ambiri akamakumbukira amati kale kunali mwambo. Unalikodi. Koma kunalinso apayoniya ndi ayufi a chipani cholamula, amene maso awo ankafufuza yemwe sanaime. Kusunga mwambo inali imodzi mwa ngodya zinayi za chipani cha Malawi Congress, pamodzi ndi umodzi, kukhulupirika ndi kumvera, ndipo wophonya ankadziwa kuti makofi sali patali.

Mu 1967 kunabwera lamulo lotchedwa Protected Flag, Emblems and Names Act. Linaika chilango cha chindapusa ndi ndende mpaka zaka ziwiri kwa wonyoza mbendera ndi zizindikiro zina za dziko, ndipo lamulo loteteza mbenderalo lidakalipo.

Chaka chomwecho boma linaletsa chipembedzo cha Mboni za Yehova. Mlandu wawo waukulu unali kukana kugula khadi la chipani, ndipo chikhulupiriro chawo sichiwalolanso kuchitira sawatcha mbendera ya dziko lililonse. Nyumba zawo zinatenthedwa, ena anaphedwa, ndipo anthu zikwizikwi anathawira ku Zambia ndi ku Mozambique. Chiletsocho chinachoka mu 1993.

Choncho amene amalakalaka masiku amenewo azinena zonse. Anthu ankaimadi, koma ena analipira ndi moyo wawo. Malamulo aakulu a dziko a 1994 amateteza chikumbumtima cha munthu, ndipo amene wangokhala phee, osanyoza, osasokoneza anzake, sanailakwire mbendera.

Chomvetsa chisoni n'chakuti pamene tinkathamangitsa mantha, mwambo unathawa nawo limodzi. Amene ankaima chifukwa choopa anasiya kuima, ndipo ana awo sanawauze chifukwa china choimira.

Lolemba m'mawa

Pasukulu ina ya pulayimale m'boma la Dedza, mame akadali pa udzu ndipo ana afola m'mizere manja ali m'khwapa chifukwa cha chisanu. Belu lake ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chopachikidwa pamtengo. Mlongoti ndi bulugamu wosendedwa bwino, wozunguliridwa ndi njerwa zopaka laimu.

Mtsikana wa sitandade 7 akutuluka mu ofesi ya ahedi atanyamula mbendera yopindidwa pamanja onse awiri. Sanaikolekere paphewa, sanaipanire m'khwapa. Mnyamata akuilandira ngodya ziwiri, akumangirira kuchingwe, mtsikanayo akugwirizira mbali yotsalayo kuti isalendewere pansi.

Asanakoke, aphunzitsi a pantchito sabata imeneyo akuyandikira n'kuyang'ana chinthu chimodzi: kodi mzere wakuda uli pamwamba?

Mfundo ikalakwika, mbendera imakwera chadodolido, wobiriwira pamwamba, dzuwa litazondoka. Zimachitika, ngakhale pamisonkhano ya akuluakulu ovala masuti. Poyang'ana pansi pomwepo sizitenga nthawi, koma ikakwera mozondoka, sukulu yonse imaimba nyimbo ya fuko ikuyang'ana dzuwa lolowa.

Mnyamatayo akukoka mwamphamvu, ndipo mbendera ikukwera msanga mpaka pansonga. Ndiwo mwambo wake, umene apolisi ndi asilikali amaphunzira ku depoti ndipo mayiko ambiri amatsata: pokwera imathamanga, potsika imadekha. Imakwera kukacha n'kutsika dzuwa likamalowa. Siigonekedwa panja mumdima pokhapokha pali nyali yoiwalitsa.

Ikatsika yanyowa, amayamba aiyanika pamalo aukhondo isanapindidwe, apo ayi imachita nguwi ndipo mtundu wofiira umalowerera kwina. Siiyalidwa patebulo kuti aikepo mabotolo a madzi ndi maikolofoni. Sakhalira, sapukutira, salembapo dzina la munthu kapena la kampani. Ikaima ndi mbendera za mayiko ena, monga zimakhalira alendo akabwera kumisonkhano ya SADC, zonse zimakhala zofanana kukula ndi msinkhu, palibe yokwera pamwamba pa inzake, ndipo ya eni nthaka imatenga malo aulemu. Mbendera ya sukulu, ya mpingo kapena ya kampani siikwera kuiposa.

Izi sizachilendo kwa ife. Onani m'mene mayi wa Mvano amasamalirira yunifolomu yake. Amaichapa payokha, kuisita, kuipinda n'kuiika m'sutukesi, ndipo sapita nayo kudimba ngakhale zovala zina zonse zitada. Palibe wapolisi amamulondera. Amadziwa chimene chovalacho chikuimira.

Ana a ku Dedza aja akuudziwa mwambo wa mbendera chifukwa pali mphunzitsi amene anawaonetsa ndi manja. M'masukulu ambiri mayeso amafunsa tanthauzo la mitundu itatu, ana n'kukhoza, koma mwana amamaliza sitandade 8 asanagwirepo chingwe.

Pakati pa mlongoti

Pa 10 June 2024 ndege ya asilikali inagwa m'nkhalango ya Chikangawa. Munali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, ndi anthu ena 8, ndipo palibe anapulumuka. Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza masiku 21 okhuza maliro ndipo analamula kuti mbendera ziuluke pakati pa mlongoti. M'mbuyomo, mu March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi midzi ya ku Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu, masiku olira anali 14.

Dziko linalira ndi mtima wonse. Koma woyenda m'misewu masiku amenewo ankaona kuti si onse amadziwa kachitidwe kake. Pena mbendera inangotsika pang'ono moti sunkazindikira ngati ndi maliro kapena chingwe chakhwepa. Pena inatsika mpaka munthu wamtali akanaikhudza ndi mutu. Pena inali pansonga ngati palibe chachitika.

Kachitidwe kake n'kotere. M'mawa mbendera imayamba yakwera mpaka pansonga, n'kuima kamphindi, kenako n'kuitsitsa pang'onopang'ono kufika pamalo a maliro. Madzulo saikokera pansi kuchokera pakatipo. Amaikwezanso kaye pansonga, n'kuitsitsa bwino. Woona ali patali azindikire msanga kuti mpata umene watsala pamwambawo ndi wadala.

Ndiponso si aliyense angalamule zimenezi. Bwana wa pakampani akamwalira, antchito angalire ndi kuvala zakuda, koma kutsitsa mbendera ya dziko ndi chilengezo cha boma.

Pamaliro a msilikali kapena a mtsogoleri, mbendera imakuta bokosi. Siilowa m'manda. Bokosi lisanatsike, asilikali amainyamula, kuipinda mosamala n'kuipereka kwa banja.

Pali mabanja m'dziko muno amene nkhani ya mbendera si ya m'buku. Mu November 2018 asilikali 6 a Malawi anaphedwa pafupi ndi Beni, kum'mawa kwa dziko la Congo, ali pantchito yosungitsa mtendere. Mmodzi mwa iwo, Chancy Chitete, anawomberedwa akupulumutsa msilikali wa ku Tanzania amene anavulala. Mtanzaniayo anakhala moyo. Mu May 2019 bungwe la United Nations linalemekeza Chitete ndi mendulo ya Captain Mbaye Diagne, imene imaperekedwa kwa osonyeza kulimba mtima kwapadera. Mu January 2025 asilikali ena atatu a Malawi anafera kum'mawa kwa Congo komweko.

Anyamata amenewa amapita kunkhondo kambendera katasokedwa paphewa la yunifolomu. Mayi amene analandira nsalu yopindidwa m'malo mwa mwamuna wake akadutsa pa ofesi n'kuona nsalu yomweyo ili sanza pamlongoti, mtima wake umamva bwanji?

Pamene dzuwa linasintha

Mu 2010 ulemu wa mbendera unayesedwa kuchokera kumwamba. Pulezidenti Bingu wa Mutharika ananena kuti Malawi watukuka, ndipo sangakhalebe m'bandakucha patapita zaka 46 chilandirireni ufulu. Mbendera yatsopano inaika mzere wofiira pamwamba, wakuda pakati, wobiriwira pansi, ndi dzuwa loyera lathunthu la timizere 45 pakatikati.

Nyumba ya Malamulo, m'mene chipani cha DPP chinali ndi aphungu ochuluka, inavomereza mu July chaka chomwecho. Zipani zotsutsa, atsogoleri a mipingo ndi mabungwe anadandaula kuti anthu sanafunsidwe mokwanira. Boma linachenjeza kuti wopezeka akuulutsa mbendera yakale amangidwa.

Taganizani. Nsalu imene dzulo lake ukanamangidwa poinyoza, lero ukanamangidwa poikweza.

Posakhalitsa mafuta anasowa, mizere ya magalimoto inagona pamafilingi siteshoni, ndalama zakunja zinauma, ndipo zionetsero za pa 20 July 2011 zinasiya anthu pafupifupi 20 atafa. Dzuwa lathunthu lija linkaoneka ngati likunena za dziko lina. Bingu anamwalira pa 5 April 2012, ndipo pa 28 May chaka chomwecho, mu ulamuliro wa Joyce Banda, aphungu anabwezeretsa mbendera ya 1964. Inali Nyumba ya Malamulo yomweyo, yosankhidwa mu 2009.

Zaka ziwiri zisanakwane, masukulu, maofesi ndi akazembe athu kunja anasintha mbendera kawiri, ndipo ndalama zake zinali za misonkho ya anthu. Chinawonongeka kwambiri si ndalama. Mwana amene anali kusukulu zaka zimenezo anaphunzira kuti mbendera imabwera ndi kupita ndi wolamula.

Pali chinanso chimene sitikonda kuchinena poyera. Mitundu itatuyi inachokera ku mbendera ya chipani cha Malawi Congress, ndipo nthawi ya kampeni ena amazengereza kuigwira poopa kuti anzawo awaganizira. Mantha amenewa ndi osafunika. Kuyambira usiku wa 1964 nsaluyo inasiya kukhala ya chipani. Wovala chikasu, wovala buluu, wovala olenji ndi wovala zofiira onse ndi yawo mofanana, ndipo wandale aliyense amene amaiika pambali pa mbendera ya chipani chake ngati ziwirizo n'zolingana akuichepsa.

Kubwalo la mpira

Mu January 2022, Gabadinho Mhango atamenya mpira uja ali kutali n'kugoletsa Morocco pa mpikisano wa Africa ku Cameroon, misewu ya ku Ndirande, Kawale ndi Chibavi inaphulika ndi chimwemwe. Timu yathu ya Flames inagonja 2-1, koma kwa masiku angapo mbendera inali paliponse: pamapewa, pamawindo a minibasi, kumbuyo kwa njinga za kabaza. Ma Queens, timu yathu ya netiboli, akamasewera zimakhalanso choncho.

Ena amati kudzifunditsa mbendera n'kuinyoza. Ine sinditero. Mnyamata amene wagula mbendera ndi ndalama ya ganyu n'kuthamanga nayo mumsewu akuimba waikonda kuposa ambiri amene amaidutsa tsiku ndi tsiku osakweza maso.

Pamene pamalakwika ndi pamene mpira watha. Mbendera ija imasanduka chokhalira pasimenti yotentha, chopukutira thukuta, ndipo timu ikagonja timbendera tapulasitiki timatsala m'ngalande pamodzi ndi zikonyo za chimanga. Amene anainyamula pobwera ainyamulenso pobwerera.

Mbendera za ogulitsa m'misewu nazo zili ndi zake. Ukawerenga timizere ta dzuwa upeza zina zili ndi 20, zina zoposa 40, pena dzuwa lake ndi lachikasu, pena mizere itatu ija siyofanana kukula. Lamulo la 1967 lija limafuna chilolezo cha nduna munthu asanagwiritse ntchito mbendera pamalonda, koma wogulitsa pamphambano amangotenga zimene wapeza kwa woitanitsa katundu. Woyenera kufunsidwa ndi amene amalowetsa mabelo a nsaluzo m'dziko. Chitenje cha mitundu ya dziko, sikafu kapena jezi zilibe vuto, poti zinasokedwa kuti zivalidwe.

"N'zaboma izi"

Chipongwe chachikulu chimene mbendera yathu imalandira sichichokera kwa ochemerera mpira kapena kwa mwana wosadziwa. Chili pamilongoti ya maofesi.

Yendani m'maboma muone. Mzere wakuda wasuluka mpaka kuoneka wotuwa. Wofiira wayezuka. Kumapeto kumene mphepo imamenya, ulusi wayoyoka ndipo nsalu yang'ambika mizeremizere. Zina zinakulungika pamlongoti chingwe chitaduka, ndipo zakhala choncho mvula yonse ndi chilimwe chonse popanda wokwera kukazimasula. Pansi pake anthu akulowa ndi kutuluka, magalimoto a mabwana akuima pamthunzi.

Ukafunsa, yankho lake timalidziwa tonse: n'zaboma izi. Mawu omwewo ndi amene amasiya mpopi ukutayika ndi galasi la kalasi losweka chaka chathunthu.

Nsalu ikakhala padzuwa ndi pamvula imatha, ndipo palibe mlandu pamenepo. Imene imatsitsidwa madzulo, kuchapidwa ndi kusokedwa m'mphepete ulusi ukangoyamba kumasuka imakhalitsa kuposa yosiyidwa usana ndi usiku. Telala wa pakhonde angathe kupinda mpendero wake m'kanthawi kochepa. Koma ikafika poti mitundu siikuzindikirikanso, nthawi yake yakwana, itsike.

Yotha ntchito siitayidwa kudzala, siisanduka chokolopera kapena chotsekera pawindo losweka. M'mayiko ambiri amaiwotcha mwaulemu pamalo obisika, anthu ochepa ataima, phulusa n'kulikwirira. Kuwotcha kotere n'kosiyana kutali ndi kuiyatsa pagulu mwaukali.

Ntchito yonseyi m'maofesi ambiri ili m'manja mwa mlonda kapena mesenjala, anthu a malipiro otsika kuposa onse, amene kawirikawiri palibe anawaphunzitsa ngakhale kamangidwe ka mfundo. Ambiri amaichita mokhulupirika, m'mawa ndi madzulo, mvula ikugwa. Koma mlonda alibe mphamvu yogula mbendera yatsopano. Angathe kungonena kwa akapitawo, akapitawo n'kunena kwa akalaliki, nkhaniyo n'kudikira kuti ndalama za mwezi zibwere, ndipo zikabwera mafuta a galimoto ndi maalawansi zimayamba.

Kukamveka kuti kukubwera nduna, mbendera yatsopano imapezeka tsiku lomwelo, njerwa za patsinde n'kupakidwa laimu. Ndiye kuti ndalama yake siisowa, ndipo amene amasaina pepala logulira amadutsa pansi pa mlongoti womwewo m'mawa uliwonse polowa mu ofesi.